Ndimapemphera Koma Mtima Sukhala Pansi: Mayankho kwa Owerenga a Kuchigwa cha Shire

Makalata a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawabisa. Oyankha ndi abusa ndi alangizi a tsamba lino.

Ndinabatizidwa ndili mnyamata, ndimaimba kwaya, chakhumi ndimapereka ndikangolandira malipiro a kumunda wa nzimbe. Koma usiku ndimadzifunsa kuti nditafa lero, Mulungu angandilandire? Pamisonkhano yachitsitsimutso ndimapita kutsogolo kukapereka moyo wanga, koma pakatha sabata mantha amabwerera. Mtendere weniweni ndi Mulungu umapezeka bwanji? — Bambo wa ku Nchalo

Bambo, mwafunsa mafunso awiri ngati limodzi. Loyamba ndi lakuti, kodi mlandu wa pakati pa inu ndi Mulungu unatha? Lachiwiri ndi lakuti, nanga bwanji mtima umagunda usiku? Mukawasakaniza mudzavutika mpaka kalekale, chifukwa mudzakhala mukuyankha loyamba pomvetsera kugunda kwa mtima.

Kubwalo la amfumu, mlandu ukagamulidwa, chipepeso n'kuperekedwa, wolakwiridwa n'kulandira pamaso pa mboni, nkhani yatha. Wolakwa uja akhoza kumalambalalabe khomo la mnzakeyo chifukwa cha manyazi, koma manyazi akewo sadzutsanso mlandu. Uthenga wachikhristu ukuti mlandu wathu ndi Mulungu unatha chotero, ndipo chodabwitsa n'chakuti chipepeso anapereka ndi wolakwiridwa yemweyo. Pa 2 Akorinto 5:19 timamva kuti Mulungu anali mwa Khristu kuyanjanitsa anthu ndi Iye mwini, osawawerengera zolakwa zawo. Yesaya 53:5 akuti chilango chotibweretsera mtendere chinagwera Iye. N'chifukwa chake Aroma 5:1 sakuti tidzakhala ndi mtendere tikadzayesetsa, koma kuti tili nawo, popeza tayesedwa olungama mwa chikhulupiriro.

Taonani zimene mwatchula: ubatizo, kwaya, chakhumi, kupita kutsogolo. Zonsezi n'zabwino, musazisiye. Koma mukamaziwerenga ngati malipiro a mlandu, simudzadziwa tsiku limene zakwana, ndipo munthu wosadziwa ngati ngongole yatha sagona tulo. Aefeso 2:8-9 akuti chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito. Za pachitsitsimutso nazo n'zomveka. Nyimbo, khamu la anthu ndi misozi zimatenthetsa mtima, ndipo palibe cholakwika pamenepo, koma kutenthako kumazirala Lolemba likafika. Inu mwakhala mukuganiza kuti kukazirala ndiye kuti Mulungu wachoka.

Chitani izi. Patulani ola limodzi muli nokha, mutenge Baibulo, pepala ndi cholembera. Werengani Masalimo 51 mokweza mawu. Kenako lembani machimo amene mukuwadziwa, lililonse ndi dzina lake. Pemphero lakuti "mundikhululukire zonse zimene ndalakwa" ndi losavuta chifukwa silikhudza chilonda; nenani kuti ndinanama pa nkhani yakutiyakuti, ndinamenya mkazi wanga, ndinalemba maola amene sindinagwire ntchito. Polembapo musaikepo zinthu zimene zili zamanyazi chabe koma si machimo, monga umphawi, kusabereka kapena kulekeza sukulu panjira. Anthu ambiri amalapa zimene Mulungu sanawaimbe nazo mlandu, n'kusiya zenizenizo. Mukatha, werengani 1 Yohane 1:9, ndipo muone kuti chikhululukiro chatsamira pa kukhulupirika ndi chilungamo cha Mulungu, osati pa kuchuluka kwa misozi yanu. Thokozani, pepalalo muotche.

Ngati ndinu Mkatolika, zimene mwalembazo kazineneni kwa ansembe mu sakramenti la kulapa, mumve ndi makutu anu mawu a chikhululukiro. Ngati muli mumpingo wina, Yakobo 5:16 akulimbikitsa kuululirana machimo. Sankhani abusa kapena mkulu wa mpingo wodziwa kusunga chinsinsi, makamaka bambo mnzanu. Kumva munthu wina akukutsimikizirani lonjezo la Mulungu kumathandiza kwambiri pamene mawu a mumtima mwanu akukutsutsani.

Mantha akabweranso, ndipo adzabwera, afunseni kuti ndi tchimo liti. Akatchula chinthu chodziwika chimene mukuchibisa, monga chibwenzi chamseri chimene simukufuna kuchisiya, ndiye kuti kusowa mtendereko ndi chifundo cha Mulungu, ndipo mankhwala ake ndi kusiya chinthucho. Davide pa Masalimo 32:3-4 akuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba ndipo mphamvu zake zinauma. Koma manthawo akalephera kutchula kanthu, akumangoti "ndiwe wosayenera," ayankheni ndi Aroma 8:1 ndi 1 Yohane 3:20, pomwe akuti mtima ukatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu.

Pomaliza, werengani Uthenga wa Yohane mutu umodzi patsiku. Uli ndi mitu 21, ndiye masabata atatu. Mukatero lowani kalata yoyamba ya Yohane, ya mitu 5, imene wolemba wake akuti anailemba kuti okhulupirira adziwe kuti ali nawo moyo wosatha (5:13). Ndipo musamadzipatule pa Mgonero wa Ambuye chifukwa chongodzimva kuperewera. Gomelo anaikira ochimwa olapa.

Ndinali msungichuma wa banki mkhonde kwathu. Mwana atadwala ndinatengamo K150,000, ndipo pogawana ndinanena kuti mawerengero ndiwo anasokonekera. Anzanga anakhulupirira. Ndinalapa kwa Mulungu, koma ndikakumana nawo pamjigo mtima umandilasa. Kodi ndikaponya ndalamazo m'mbale ya chopereka zikwana? — Mayi wa ku Ngabu

Ayi mayi, sizikwana. Ndalamazo si za mpingo, ndi za amayi anzanu aja, ndipo Mulungu salandira mphatso yochokera m'thumba la mwini wina. Yesu pa Mateyu 5:23-24 akuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye choperekacho pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Tikumvetsa kuti munali pamoto, mwana ali gone. Koma bodza la pogawana lija linagwetsera chitayiko pa anthu amene nawonso ali ndi ana.

Timveketse chinthu chimodzi: kubweza sikugula chikhululukiro. Yesu analowa m'nyumba ya Zakeyu iye asanabweze kalikonse, ndipo lonjezo lobweza kanayi linatuluka chifukwa cholandiridwa (Luka 19:1-10). Ngati munalapa moona, Mulungu anakukhululukirani. Kulasa kwa mtima kumene mukumva ndi ntchito imene yatsala pakati pa inu ndi anthu.

Yambani ndi kuwerengera. Lamulo la pa Levitiko 6:1-5, limene m'Mabaibulo ena lili kumapeto kwa mutu 5, linkati wobisa chinthu chimene anamusungitsa abweze chonse, awonjezerepo limodzi la magawo asanu. Pa K150,000 chowonjezeracho ndi K30,000, zonse pamodzi K180,000. Mkhristu sanamangidwe ndi chiwerengero chimenechi, koma nzeru yake ndi yoona: mwini wake anataya ndalama komanso phindu lake. Kubanki mkhonde muyeso wachilungamo ndi chiwongoladzanja chimene gulu limaika pa ngongole, ndiye lolani gululo linene.

Musapite nokha, ndipo musayambire pamsonkhano wa gulu lonse. Uzani kaye amuna anu ngati muli pabanja, asadzamve kwa anthu. Kenako tengani mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa amayi, mukaonane ndi wapampando ndi mlembi wa gulu. Nenani mwachidule: ndinatenga zakuti, tsiku lakuti, ndinanama, ndabwera kudzabweza. Za matenda a mwana mutchule kamodzi kokha. Mukazibwereza kupepesa kumasanduka kudziteteza. Mupite ndi kangachepe m'manja tsiku lomwelo, chifukwa lonjezo la manja lende anthu salikhulupirira. Zotsalazo mugwirizane molemba, mwina K30,000 pamwezi kwa miyezi 6, kapena zonse pamodzi mukagulitsa thonje, ndipo mboni ziwiri zisayine. Nthawi iliyonse mukapereka, mlembi alembe m'buku.

Zimene zimasokoneza nkhani ngati iyi n'zodziwika. Ena amalonjeza zochuluka chifukwa cha manyazi, mwezi wachiwiri n'kulephera, anthu n'kuti bodza lachiwiri. Ena amakatenga katapila kuti amalize msanga, n'kugwa m'dzenje lozama kuposa loyamba. Ena amakaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni gulu lisanamve, eni ndalama n'kumvera kwa anthu odutsa. Ngati pali munthu amene anamuganizira kuti ndiye anaba, dzina lake muliyeretse pamaso pa onse amene anamva. Ngongole imeneyo ndi yaikulu kuposa ya ndalama.

Sitikulonjezani kuti adzakulandirani ndi manja awiri. Akhoza kukuchotsani m'gulu, kapena kukatula nkhani kwa amfumu ngakhale kupolisi, ndipo ali ndi ufulu wotero. Aroma 12:18 akuti tikhale mwamtendere ndi anthu onse monga momwe tingathere kumbali yathu. Mbali yanu ndi choonadi ndi kubweza.

Madzi a namondwe wa Freddy anatitengera nyumba, mbuzi ndi mwana wa mchemwali wanga. Pamsasa mlaliki wina anati zimenezi ndi chilango cha machimo a anthu a kuno. Kuyambira pamenepo mvula ikangogunda padenga sindigona, ndipo kupemphera kumandikanika chifukwa ndimaona ngati Mulungu anatikwiyira. — Mlimi wa ku Makhanga

Pepani kwambiri achimwene, ndipo mutipepesereko kwa mchemwali wanu. Mlalikiyo ananena zimene sanatumidwe. Funso lomweli linafika kwa Yesu. Pa Luka 13:4-5 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kufunsa ngati iwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti ayi. Anaitana omvera onse kuti alape, koma anakana kuti tsoka ndi muyeso wa uchimo wa amene lawagwera. Pa Yohane 9:3 anakananso kuti munthu wobadwa wosaona uja anachimwa, iye kapena makolo ake. Anzake a Yobu ankalalikira ngati mlaliki wanuyo, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawadzudzula (Yobu 42:7).

Chimene chimabweretsa madzi kwanuko n'chodziwika. Mvula ikagwa yambiri kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, mtsinje wa Ruo umatsika nayo n'kukumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo dera lanu ndi lotsika. Mitengo itatha kumtunda, mchenga ndi matope zakwirira mitsinje, ndiye madzi sachedwa kutuluka m'mbali. Zinachitika mu January 2015, mu March 2019, mu January 2022, kenako Freddy mu March 2023. Madziwo sanasankhe nyumba ya wopemphera kapena ya wosapemphera.

Za pemphero, musadikire kuti mkwiyo ndi chisoni zithe kaye. Pitani nazo. Masalimo 13 akufunsa Mulungu kanayi konse kuti "mpaka liti," Masalimo 88 akuthera mumdima wopanda yankho, ndipo onsewa ali m'Baibulo kuti anthu onga inu akhale ndi mawu. Werengani salimo limodzi mokweza madzulo aliwonse, ngakhale mtima usakutsatira. Mukafika potha kutero, tsatirani Afilipi 4:6-7: tchulani nkhawa iliyonse payokha, pemphani chinthu chodziwika pa iyo, thokozani pa chimodzi chimene chilipo. Paulo analemba mawu amenewa ali m'ndende, sanali munthu wa pabwino.

Koma kusagona kwanu si nkhani ya chikhulupiriro chokha. Munthu amene waona imfa pafupi, thupi lake limakhala tcheru ngakhale ngozi itapita. Eliya atafooka mpaka kupempha imfa, mngelo anayamba wamupatsa chakudya ndi madzi n'kumusiya agone, mawu anabwera pambuyo (1 Mafumu 19:4-8). Ngati maloto oopsa, kudzidzimuka, kusowa tulo kapena kusafuna kudya zapitirira mwezi, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse monga mwatilembera, ndipo mupemphe kuonana ndi woona za matenda a maganizo pachipatala chachikulu cha boma. Musazimitse mantha ndi kachasu. Tulo take n'tabodza ndipo m'mawa nkhawa imakula. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, uzani munthu tsiku lomwelo.

Kukonzekera nakonso kumakhazika mtima pansi, ndipo si kusakhulupirira. Miyambo 22:3 akuti wochenjera akaona tsoka amabisala. Mvetserani machenjezo a zanyengo pawailesi, dziwani a komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu, gwirizanani pabanja njira yopitira kumtunda ndi amene adzanyamule mwana uti, ndipo ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zikhale m'jumbo yomanga bwino. Kudimba limani, koma nyengo ya mvula kogona kukhale kumtunda.

Amuna anga anamwalira mwezi watha. Akuchimuna akuti ndichite mwambo wa kulowa kufa, woti ndigonane ndi mwamuna wina kuti imfa ichoke, apo ayi imfa idzayenda pamudzi ndipo mlandu udzakhala wanga. Ndine Mkhristu, sindikufuna, koma ndikuopa kuti wina akadwala adzaloza ine. Ndikuopanso kuti nditakana, mzimu wa malemu sudzandisiya. — Mayi wa ku Tengani

Mayi, pepani ndi maliro. Kukana kwanu n'koyenera, ndipo simukulakwira Mulungu kapena malemu amuna anu. Aroma 7:2 ndi 1 Akorinto 7:39 akuti mwamuna akamwalira mkazi ndi womasuka. Palibe ngongole ya thupi imene yatsala. Imfa ya amuna anu sinakudetseni. Ahebri 2:14-15 akuti Khristu anafa kuti amasule iwo amene moyo wawo wonse anali akapolo chifukwa choopa imfa, ndipo pa Aroma 8:38-39 imfa ndiyo yoyamba kutchulidwa pa zinthu zosatha kutilekanitsa ndi chikondi cha Mulungu. Kulota malemu ndi chizindikiro cha chisoni ndi chikondi, si kuitana kwa mzimu.

Akuchimuna musawatenge ngati adani. Ambiri a iwo akuchita zimenezi chifukwa cha mantha omwewo amene inu muli nawo. Choncho nkhaniyi isakhale ya inu nokha ndi iwo. Lero lomwe dziwitsani abusa kapena ansembe, pamodzi ndi ankhoswe a kwanu. Pemphani kuti pakhale kukumana kwa mabanja onse awiri, amfumu alipo, ndipo wolankhula m'malo mwanu akhale wamkulu wa kwanu. Mawu ake akhale aulemu koma osapsatira: mwana wathu sachita mwambowu, ndipo mpingo udzabwera kudzapemphera pakhomo pano, abale onse aitanidwa. Pemphero la poyeralo ndi lofunika, chifukwa limapatsa abale amantha chinthu chooneka chotsekera maliro. Masiku amenewa musagone nokha. Amayi a mumpingo azisinthana kudzakhala nanu. Yakobo 1:27 anaika udindo umenewu pa mpingo, ndiye musachite manyazi kuupempha.

Wina akadzadwala pamudzi, apite kuchipatala akayezedwe. Chifuwa chokhalitsa, kutupa miyendo ndi kuonda zili ndi zoyambitsa zodziwika ndi mankhwala ake. Chimene chimayendetsadi imfa ndi mwambowo, chifukwa ndi njira ya HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana.

Malamulo a dziko ali kumbali yanu. Lamulo la 2013 la Gender Equality Act limaletsa miyambo yovulaza ngati umenewu, ndipo lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Akayamba kukuopsezani kuti akuchotsani pakhomo kapena akulandani munda, kanenani ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Ndipo kwa mayi aliyense amene anakakamizidwa kale: tchimolo si lanu. Thamangirani kuchipatala maola 72 asanathe kuti mulandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene amamwedwa masiku 28.

Mneneri wina akuti mtendere wanga unamangidwa ndi azakhali anga, ndipo akufuna K20,000 ya mafuta odzozera kuti andimasule. Ndipereke? — Mtsikana wa ku Bangula

Musapereke, mwana wathu. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8:18-20). Elisa anakana mphatso za Naamani atachira (2 Mafumu 5:16), ndipo Yesu potuma ophunzira ake anati analandira kwaulere, apereke kwaulere (Mateyu 10:8). Kudzoza odwala ndi mafuta kulimodi pa Yakobo 5:14, koma ochita ndi akulu a mpingo ndipo mtengo sunatchulidwe.

Chotiopsa kwambiri m'kalata yanu ndi dzina la azakhali. Mawu otere agwetsa mabanja ndipo aphetsa nkhalamba zosalakwa. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino la 1911, ndiye musawabwereze kwa wina aliyense ngati zoona. Ngati pali kusamvana kwenikweni pakati pa inu ndi azakhali anu, njira yake ili pa Mateyu 18:15-16: mukalankhule nawo panokha, zikakanika mutenge munthu mmodzi kapena awiri. Kwa mneneriyo musabwerereko, makamaka akayamba kukuitanani nokha usiku kapena kukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala. Simunatiuze chimene chikukusowetsani mtendere. Tilembereninso mutifotokozere, kapena mukachifotokoze kwa mayi wachikulire wa mumpingo mwanu amene mumamukhulupirira.